Tsiku Limene Ndinaimirira Kutsogolo kwa Kanema

Ana inu, ikani mafoniwo pansi mubwere kuno. Mariamu, tenga mpeni uwo undithandize kusenda chinangwachi. Iwe Jafali, usaime pamenepo ngati wodzapala moto, khala pamkekapo. Nkhaniyi ndi yako, enawa angomvera nawo kuti tsiku lina asadzachite zimene wachita iwe.

Ndamva zimene akunena kumjigo. Akuti gogo wanu wapenga, dzulo anaimirira kutsogolo kwa kanema n'kutambasula chitenje, wachititsa manyazi mdzukulu wake pamaso pa anzake a ku yunivesite. Sindinapenge ine. Ndakwiya mpaka pano. Ndamvanso kuti Loweruka mukufuna kunyamula filimu yomweyo kukaionetsa ku Benga. Imeneyo ku Benga sipita, ndipo mumve chifukwa chake kuchokera pakamwa panga, osati kumjigo.

Musaganize kuti ndimadana ndi kanema. Ine ndinayamba kuonera kanema amayi anu asanabadwe. Galimoto yake inkabwera m'chilimwe msewu ukauma, n'kumangirira chinsalu pakati pa mitengo iwiri ya mango. Ankationetsa kakumbidwe ka chimbudzi ndi kabzalidwe ka mpunga m'mizere, ife n'kumafa ndi phwete chifukwa munthu wa pachinsalupo ankalima atavala nsapato. Koma ngakhale pamenepo panali dongosolo. Amuna uku, akazi uku, ndipo mkamwini ankayamba wafunsa kuti apongozi ake akhala mbali iti.

Ndiye pamene Jafali anafika sabata yatha ndi anzake a gulu lawo la mafilimu, woyamba kukondwera ndinali ine. Akuti kusukulu kwawoko amasonkhana kuonera mafilimu akalekale ndi a mayiko akutali, akatha n'kukhala pansi kumakambirana ngati akuweruza mlandu. Patchuthi chino anati abweretseko kumudzi. Ndani anawaphikira mpunga wa faya ndi kampango? Ndani anakawabwerekera shedi ya mpunga? Anatseka mawindo ndi masaka kuti mude masana, jenereta ikulira kuseri, mudzi wonse n'kukhamukira komweko.

Tsiku loyamba anationetsa ya kudziko lozizira. Bambo wina anatha filimu yonse akuyang'ana pawindo, mkazi wake akuyang'ana khoma, osalankhulana. Ine ndinati awa akangana za ndiwo. Mtsikana wa magalasi uja, amene amatsogolera gulu lawo, anati, "Ayi agogo, uku ndi kusungulumwa kwa munthu." Chabwino. Ndinawodzera pang'ono, sindikana. Tsiku lachiwiri inali ya ku Indiya, yovina, imeneyo ndinaikonda ndipo ndikanaioneranso.

Dzulo m'mawa iwe Jafali unandipeza pompano.

"Agogo, lero musajombe. Tapeza filimu yakale kwambiri imene azungu anajambula konkuno, pamathiriro a Bua. Mukaona mudzi wanu mmene unalili."

"Iwe waionera?"

"Kangapo konse, agogo. Ndi yotchuka, aphunzitsi athu amaitama kwambiri."

"Nanga wamkulu wa kuno amene waionako ndani?"

Unaseka. Unati mukufuna anthu adzidzimuke. Eya, anadzidzimuka. Safunsa anadya phula, koma iwe phula lako wadyetsa ife.

Kuti mumve bwino, ndiyambe ndakuuzani za dooko. Inu mwakula mukusamba m'bafa kuseri kwa nyumba, madzi a pamjigo, sopo wonunkhira, wina mpaka amalowa ndi foni yomwe. Ife tinakulira padooko. La amuna linali kumpoto, kumene ankakokera makoka. La amayi linali kummwera, kuseri kwa bango. Kumeneko ndiko tinkaviika chinangwa, kutsuka miphika ndi mchenga, kukwecha mapazi pamwala, kudzola mafuta a nsatsi. Nkhani zonse za m'mudzi zinkathera kumeneko, za maukwati ndi za mimba zomwe. Nsalu munthu unkakhala nayo imodzi, biliwita wakuda uja amene ankasiya utoto m'khwapa. Ukaichapa unkaiyanika pabango, iwe n'kulowa m'madzi kudikira kuti iume.

Panalibe mpanda, panalibe mlonda. Chimene chinkatisunga chinali nkhafi. Mwamuna aliyense wopalasa bwato, akamayandikira bango lija, ankagogoda bwato ndi nkhafi, go, go, go, n'kutembenuzira nkhope kunyanja, n'kupalasa motalikira. Ife tikamva tinkamira mpaka m'khosi kuti adutse. Kaya mwera wavuta, kaya bwato ladzaza usipa akuthamangira kukayanika, munthu ankagogoda. Agogo anu aamuna, Mulungu awakhululukire, anali aukali ndiponso ouma manja, nsomba yaikulu ankadya okha, koma pa zogogoda sindinawapezepo chifukwa. Palibe anawalembera lamulo limeneli. Ankangodziwa kuti kuseri kwa bangoko kuli mayi wa munthu.

Tsopano za akulu anga, a Zainabu. Amayi anu a Patuma amanditcha amayi, ndipo ndine mayi wawo ndithu, ndinawalera ine. Koma amene anawabereka ndi a Zainabu. Izi mumazidziwa ndi mutu chabe, ngati dzina la pamanda. Ine ndinagona nawo mphasa imodzi.

Anali aatali, amanzere, ndi chipini pamphuno ndi mpata m'mano akutsogolo. Lilime lawo linali lakuthwa kuposa langali, ndiye ganizani. Ndiwo anandiphunzitsa kupinda nkhata, kuamira mbalame mumpunga, kudziwa chinangwa chowawa pongoyang'ana tsamba. Tikakolola tinkapita wapansi ku boma, mpunga uli pamutu, kukasinthana ndi mchere ndi nsalu, kamba wathu chinangwa chootcha. Ndikatopa panjira ankandipepuza katundu, kwinaku akunditukwana kuti ndine waulesi ngati mphaka wa kwa shehe. Inu lero kupita kumsika pomwepa mukufuna kabaza. Iwe Mariamu usaseke, ndikunena iwe.

Chaka chimene a Zainabu anakwatiwa, ali oyembekezera, tsiku lina m'mawa tinali padooko. Ine ndinali kumtunda ndikufinya chinangwa chovunda. Tinangomva kulira kwa injini, tisanadziwe kuti n'chiyani boti latulukira pabango. Silinagogode. Munali azungu awiri ndi munthu wina wa ku boma wovala kabudula, amene ankawongolera. Mzungu mmodzi anali ndi kabokosi kakuda padiso.

Amayi anakuwa, ena n'kumira, ena n'kuthawira m'bango. A Zainabu anali ataima posaya, madzi a m'mawondo, nsalu yawo ili patali pabango. Ndi thupi lolemera lija sakanatha kuthamanga. Anadziphimba ndi mkono umodzi, ndi dzanja lamanzere lija n'kuyamba kuwawaza madzi, akuwatukwana mawu amene sindinganene pamaso panu. Mzungu uja anaseka, n'kukweza dzanja ngati akutsazika abale ake, boti n'kutembenuka.

Akuluakulu anapita ku boma kukadandaula. Anawauza kuti alendowo apita kale. Zinathera pomwepo kwa aliyense, koma osati kwa a Zainabu. Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso padooko. Madzi osamba ndinkawatungira ine. Munthu wolongolola uja anangoti zii. Tsiku lina tikusinja anasiya musi n'kundifunsa.

"Iwe, thupi langa alitenga m'kabokosi kaja. Akukalionetsa kwa ndani?"

"Adzataya, achemwali. Kwawo n'kutali, palibe amakudziwani."

"Ukunena zoona?"

"Zoona."

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira ndithu kuti ndi zoona.

Anamwalira mvula itayamba, pobereka amayi anu. Bua anali atasefukira, njira ya kuchipatala kunalibe. Ine ndinali ndisanaonepo kusambitsa maliro, koma amayi akuluakulu anandilowetsa m'nyumbamo n'kundipatsa ngodya ya nsalu yotchinga. Anati, "Gwira. Usatsitse ngakhale manja atope, ndipo nawenso uyang'ane kumbali." Mtembo amausambitsa pansi pa nsalu, ana inu. Dzanja lokha ndilo limalowa, diso ayi. Manja anga anachita dzanzi, misozi ikulowa m'kamwa, koma sindinatsitse. Tinawakulunga mu nsanda, kuwaika mu jeneza, chonyamulira maliro chija, n'kuphimbanso pamwamba. Amuna ananyamula osaona ngakhale chala chawo. Mumtima ndinati basi achemwali, pumani, palibenso amene adzakuoneni.

Chithunzi chawo panalibe, ankajambula ndani kuno? Ine ndinakwatiwa ndili ndi khanda la akulu anga kumbuyo. Zaka zikupita, nkhope yawo inayamba kundithawa. Mawu awo ndimawamva mpaka lero, koma nkhope ayi. Amayi anu ali aang'ono ankandivutitsa: "Amayi, amayi anga enawo ankaoneka bwanji?" Ine ndinkangoti anali aatali, anali ndi chipini. Ndikanatinso chiyani? Anafunsa mpaka anatopa, anakula, anasiya.

Ndiye tifike dzulo. Titaswali masana tinalowa mushedi muja, modzaza mpaka pakhomo. Amuna, akazi, ana, anyamata a kumsika, onse pamodzi ngati matemba m'dengu. Bambo ako a Twaibu unawakhazika kutsogolo pampando, monga bambo wa mwana wophunzira. A Twaibu, munthu amene chikwatirire amayi anu, tikakumana panjira amapatukira kutchire, ndipo sanayambe wandiyang'anapo m'maso. Ine ndinakhala pamkeka chapakati, amayi anu ali pambali panga.

Poyamba zinali zokoma, sindinama. Tinaona makoka akale a chingwe chopota pamanja, nyumba zozungulira, mkuyu waukulu uja umene unagwa inu musanabadwe. Nkhalamba zinzanga zinkaloza, "Taonani, si pa a uje apo!" Ine ndinapukuta misozi. Mzungu ankalankhula mufilimumo, iwe n'kumamasulira mokweza, mawu ako ali bwinobwino, ine n'kumanyada kuti uyo ndi wanga.

Kenako ndinaona bango. Ndinapezeka ndikudikira go, go, go, ngati chitsiru. Kunalibe. Amayi aja anamiranso, anathawiranso m'bango, ndipo a Zainabu anaima pachinsalupo, aakulu ngati khoma lonse, nsalu yawo ili pabango.

Anyamata a kumbuyo anayamba malikhweru. Ena anakweza mafoni. Ndipo iwe, mdzukulu wawo weniweni, unati, "Apa akuti amayi a kunyanja ndi anthu osangalala, akulonjera alendo powawaza madzi."

Amayi ako anandigwira pabondo, akuseka. "Amayi, uyu sakulonjera, akutukwana. Ndani ameneyu?"

Mawondo angawa amene amafuna ndodo dzulo anaiwala. Sindikudziwa kuti ndinadumpha anthu angati. Ndinamasula chitenje chapamwamba n'kuchitambasula kutsogolo kwa chinsalu, koma kuwala kuja kunangogwera pa ine, a Zainabu n'kuoneka pachitenje changa chomwe, pachifuwa panga. Anthu anaseka kwambiri. Ndiye ndinayenda molunjika kumene kuwalako kunkachokera, n'kukavundikira diso la makina ako oonetsera kanema ndi nsalu.

"Zimitsa! Awa ndi a Zainabu! A Twaibu, apongozi anu awa!"

Bambo ako anavula kofiya n'kudziphimba nayo kumaso, anatuluka akupapasa khoma. Amuna achikulire anawatsatira mitu ili pansi. Ndimeneyo nkhope ya apongozi awo imene unawapatsa, munthu amene wasunga ulemu zaka zonsezi. Ndipo funso la akulu anga lija, loti akukalionetsa kwa ndani, linayankhidwa dzulo. Kwa mkamwini wawo, kwa anyamata a kumsika, ndipo wonyamula makina ndi mwana wa mwana wawo.

Mtsikana wa magalasi anabwera, anagwada bwinobwino, ulemu ali nawo. "Agogo, pepani kwambiri. Koma iyi ndi mbiri. Mbiri sitingaibise."

Ndinati, "Mwanawe, amayi ako ali moyo?"

"Ali moyo, agogo."

"Kawatenge, uwavule, uwaimike apa, nafenso tione mbiri."

Ndamva kuti analira. Alire. Akulu anga analira miyezi yonse imene inawatsalira.

Wati chiyani, Jafali? Kweza mawu, dzulo unkakweza. Sunadziwe? Ndikudziwa kuti sunadziwe kuti ndi agogo ako, ndipo pa chimenecho sindikukuimba mlandu. Koma unaionera kangapo, wanena wekha. Unaona kuti ndi akazi akusamba. Unaona kuti ndi kwanu. Akanapanda kukhala agogo ako akanakhala agogo a mnzako amene unkasewera naye mpira. Kusukulu kwanuko mumakhala pansi kukambirana bambo woyang'ana pawindo, kuti akumva bwanji mumtima. Nanga mayi uyu, munakambiranapo kuti ankamva bwanji? Kapena munkangoyamikira mmene dzuwa likuwalira pamadzi? Mzungu uja sanagogode chifukwa sanali wa kuno. Iwe mchombo wako unakwiriridwa kuseri kwa nyumba iyi. Ukanangoitana amayi awiri achikulire, n'kuwaonetsa poyamba paokha, bwenzi bambo ako lero akutuluka panja.

Ukuti filimuyi ili kale kunja, m'mayiko ambiri, ngakhale inu musiye ena azioonerabe. Ndamva. Madzi akatayika saoleka. Kunjako mkono wanga sufikako, ndipo amene akuonera kumeneko akayankha okha kwa Mulungu. Koma ku Benga ndimafikako. Ku Benga kuli adzukulu a amayi ena aja amene anathawira m'bango. Makoka onetsani, mkuyu onetsani, bambo wa pawindo muonetseni mpaka atope. Ukuti filimu yotchuka saidula? Ndiye isapite yonse. Ukuti anzako akuseka, mwina akuchotsa m'gulu? Akuchotse. Ukadzakwatira udzapeza kuti kusekedwa ndi anzako sikupha. Koma mukaumirira, Loweruka ndikwera nanu galimoto yomweyo ndi chitenje chomwechi, ndikaimanso kutsogolo. Mukapita nayo ku yunivesite, mukandipezanso pakhomo. Ndinagwira nsalu imeneyi ndili mtsikana ndipo sindinatsitse, sinditsitsa lero chifukwa cha magalasi a munthu.

Tsopano sendera kuno, chifukwa chimene chandipweteka kwambiri sindinachinene. Dzulo pobwerera, amayi ako ankayenda kumbuyo kwanga. Titafika pamango paja anandiitana, mawu ali pansipansi, ngati kamwana kaja kankandivutitsa kale.

"Amayi."

"Ee."

"Munatchinga msanga. Nkhope sindinaione bwino."

Munthu wa imvi, wa adzukulu ake. Chibadwire sanawaonepo amayi ake, ndipo tsiku loyamba kuwaona anawaona pakati pa malikhweru, iyenso akuseka, osadziwa. Ndiye ine n'kutchinga. Kuyambira dzulo ali m'nyumba umo, sanalawe kanthu. Nanenso, kuti ndinene zoona, ndinaona mpata wa m'mano uja pang'ono chabe, ndipo mtima wanga ukufuna kuonanso. Ndakwiya nawe, Jafali, ndakwiya kwambiri, koma wandibweretsera nkhope imene ndinaitaya, ndipo zimenezi zikundikwiyitsanso chifukwa sindikudziwa kuti ndikumenye kapena ndikuthokoze.

Ndiye zikhala chonchi. Makinawo abwere m'nyumba mwa amayi ako lero lomwe. Umuphunzitse Mariamu podina, poimitsa, pobwerera m'mbuyo, si wopusa ayi, foni amaitha kuposa mpeni. Tilowa ine, amayi ako, Mariamu ndi azakhali anu, akazi okhaokha, monga zinkakhalira padooko. Tikaimitsa pankhope. Amayi ako akayang'ane mpaka akhute. Tikatha, kanthu kako kosungiramo filimuko katsala m'nyumba muno, m'manja mwa mwana wa a Zainabu. Anzako ukawauza wekha, ndi pakamwa pako, osati kuti agogo akana, koma kuti iwe wakana.

Ukuyang'ana pansi bwanji? Ndikudikira.

N'chiyani icho watulutsa m'thumba? Kameneko? Kanthu kakang'ono ngati chala cha mwana, ndiye akulu anga akhala mmenemo? Ha. Ayi, usandipatse ine, manja anga ali ndi chinangwa. Mpatse Mariamu. Eya. Mariamu, pukuta manja kaye, ugwire ndi manja awiri, amenewo ndi agogo ako.

Pita ukatenge makinawo. Ukalumikiza, utuluke, ukakhale pansi pa mango uko pamodzi ndi bambo ako, mwina mungapeze chokambirana. Enanu anyamata, nonse kutali ndi mawindo, ndikamva phazi ndikutulukirani ndi musi. Tikatha ndidzakuitana kuti udzazimitse. Ndipo ukafika pachitseko, Jafali, ngakhale ndakuitana ndine, ugogode.